Kupita ku Sutherland mu Julayi pa galimoto yaing'ono

FUNSO: Ine ndi mayi a kunyumba timakhala ku Cape Town. Mu Julayi tikufuna tikaone chipale chofewa m'mapiri, kenako tikafike ku Sutherland kukaona nyenyezi. Galimoto yathu ndi yaing'ono. Kodi zingatheke? Wowerenga, Cape Town

YANKHO: Zingatheke bambo, bola musachoke pa msewu wa tala. Tengani msewu wa N1, mudutse Huguenot Tunnel (msewu wodutsa pansi pa phiri), Worcester ndi chigwa cha Hex River mpaka ku Matjiesfontein, kenako mukhotere mu R354 n'kuyenda makilomita pafupifupi 110. Ulendo wonse ndi makilomita pafupifupi 350. Thirani mafuta ku Worcester kapena ku Touws River. Msewu wa R355 wochokera ku Ceres kupita ku Calvinia ungakukopeni pa mapu, koma usiyeni: ndi wa miyala yodula matayala, ndipo mumayenda makilomita oposa 200 osaona pothirira mafuta.

Dziwani kuti tsiku limene chipale chikugwa, nyenyezi sizioneka. Chipale chimagwa m'mapiri ngati Matroosberg pamene mphepo yozizira ya mvula yafika kuchokera kunyanja, ndipo nthawi imeneyo kumwamba kumakhala mitambo yokhayokha. Choncho nyamukani tsiku lotsatira mvula ikangodutsa. Nsonga za mapiri zimakhala zikadali mbee, kumwamba kutayera. Mukasankha masiku amene mwezi uli mumdima, ndiye bwino koposa. Malo ofufuzira za nyenyezi a SAAO ku Sutherland, komwe kuli makina aakulu oonera nyenyezi a SALT omwe anatsegulidwa mu 2005, amalandira alendo, koma muyenera kulembetsa pasadakhale.

Kuzizira kwake si kwa ku Dedza ayi. Sutherland ili m'chipululu cha Karoo, pamtunda wa mamita pafupifupi 1,450, ndipo mu Julayi 2003 kunazizira mpaka madigiri 16 pansi pa ziro. Galimoto ndiyo imayamba kugonja. Ngati mu rediyeta mumangothiramo madzi, amaundana usiku, n'kufufuma, n'kuphulitsa mapaipi. Thiranimo antifreeze (mankhwala oletsa madzi kuundana) wosakaniza theka ndi theka ndi madzi. Batire yotopa imakana kulizitsa injini m'mawa, ndiye kaiyezetseni musananyamuke. Galasi lakutsogolo likaundana musathirepo madzi otentha, limasweka.

Pokwera Verlatenkloof Pass, chitunda cha pa msewu wa R354, dikirani dzuwa likwere kaye. Pamalo a mthunzi pamatsala madzi oundana osaoneka ndi maso. Galimoto ikayamba kuterereka chotsani phazi pa mafuta, musaponde mabuleki mwamphamvu. Usiku musayende, nkhosa ndi nyama zam'tchire zimalowa mumsewu, ndipo foni simagwira m'malo ena.

Valani zovala zitatu zosanjikiza, chipewa chophimba makutu ndi magolovesi. M'galimoto mukhale bulangete, tochi ndi malita 5 a madzi akumwa. Chonde, mbaula ya makala musailowetse m'chipinda chotseka. Mpweya wake ulibe fungo, ndipo umapha anthu ali m'tulo.