Ayi achimwene, ndalama sizinaononge masewera

Achimwene mwafunsa ngati ndalama ndi zomwe zaononga ma Olympic, ine ndikuti ayi. Lamulo lakale loti wosewera asamalandire kanthu linkakomera ana a mabwana okha. Jim Thorpe, katswiri wamasewera wa ku America, anawina mamendulo awiri agolide ku Stockholm mu 1912 koma anamulanda poti anasewerapo baseball nkulandira tindalama tochepa, anadzawabweza mwini wake atamwalira kalekale, zimandiwawa mpaka lero.

Mwana wa achemwali anga kuno ku Mbare mumzinda wa Harare amathamanga mmamawa uliwonse kuzungulira bwalo la mpira la Rufaro, nsapato zake tasoketsa kawiri konse, ndiye timuuze azingothamangira chikondi basi, adya chani? Ku Paris mu 2024 bungwe loyang'anira masewera othamanga padziko lonse la World Athletics linapatsa othamanga opata golide madola 50,000, ine ndinaomba mmanja ndithu.