Funsani Dokotala: Mwana wanga amabanika kukachita mbuu ku Johannesburg

Funso: A Dokotala, ndimakhala ku Alexandra, ku Johannesburg, ndi mwana wanga wazaka zisanu amene ali ndi mphumu. Ikangofika June, m'mawa kumachita mbuu moti nyumba zitalizitali za ku Sandton sizioneka, chonsecho zili pafupi. Masiku omwewo mwana amatsokomola usiku wonse. Kodi nkhungu ingamudwalitse chonchi?

Yankho: Pepani mayi, kuchezera ndi mwana wobanika n'kowawa. Chimene mukuonacho chisakunamizeni kuti ndi nkhungu ngati ya chiperoni ija ya ku Thyolo. Ija ndi madzi. Ichi mbali yaikulu ndi utsi.

Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, ndipo nyengo yozizira kumeneko imakhala youma, yopanda mitambo. Dzuwa likalowa nthaka imazizira msanga, mpweya wozizira n'kukhazikika pansi, wofundirapo n'kukhala pamwamba pake ngati chivundikiro pa mphika. Utsi wa mbaula za malasha, wa nkhuni, wa magalimoto ndi wa moto wa tchire umalephera kukwera, ndipo palibe mvula yoti iutsuke. Kwanuko zimanyanya chifukwa Alexandra ili m'mbali mwa mtsinje wa Jukskei, ndipo mpweya wozizira umatsetsereka n'kukadikha kunsi. Dzuwa likatentha chivundikirocho chimachoka, n'chifukwa chake masana kumayera.

Mu utsiwo muli tinthu totchedwa PM2.5, tochepa kuwirikiza ka 30 poyerekeza ndi kunenepa kwa tsitsi limodzi. Tinthuti timamwaza kuwala, n'chifukwa chake simuona patali, ndipo tomweto timalowa mkatikati mwa mapapo n'kutupitsa njira za mpweya. Musachipeputse. Ku London mu December 1952 utsi wotere unakuta mzinda masiku asanu, anthu osachepera 4,000 n'kumwalira.

Ndiye mwanayo asamasewere panja mbandakucha kapena madzulo moto ukamakolezedwa. Mazenera muzitsegula masana. Ngati anakupatsani inhela (kachipangizo kopopera mankhwala a mphumu m'kamwa) yoteteza, ija yopopera tsiku lililonse, musaisiye poti mwana akuoneka bwino. Ngati muli ndi yabuluu yokha, ija yopopera mwana akabanika, ndipo mukuifuna kangapo pa sabata, bwererani kukiliniki akamuonenso.

Pokoleza mbaula yesani njira imene kumeneko amati Basa njengo Magogo: malasha pansi, mapepala ndi nkhuni pamwamba, kenako timalasha tochepa pamwamba penipeni. Moto umayaka chotsika ndipo utsi umachepa kwambiri.

Apa ndiye ndikupempheni ndi mtima wonse: mbaula isagone m'nyumba, ngakhale makala atafiira popanda utsi. Imatulutsa mpweya wa carbon monoxide, wosaoneka, wosanunkha, umene umapha anthu ali m'tulo. Mukadzuka mutu ukupweteka, chizungulire kapena nseru, tulukani panja nonse n'kupita kuchipatala.

Ndipo mukaona mwana akupuma mofulumira, pakati pa nthiti pakulowa mkati, akulephera kumaliza mawu kapena kumwa, milomo yasintha mtundu, kapena inhela yabuluu sikumuthandiza, musadikire kuti kuche. Mupopereni, mufunditseni, muthamange naye kuchipatala usiku womwewo.