Kodi kuchipatala amulandira popanda kalata ya polisi?

Funso: Azakhali, mng'ono wanga wa zaka 20 anagwiriridwa dzana madzulo pochokera kuchigayo, ndipo atafika kunyumba anasamba n'kubisa zovala zake pansi pa mphasa. Amalume akuti nkhaniyi ithere pabanja popeza mwamunayo ndi wa m'mudzi mommuno, pomwe ena akuti kuchipatala samulandira popanda kalata ya polisi. Mwiniwake akuopa kufunsidwa mafunso pagulu. Kodi tachedwa kale?
Wodandaula, Chiradzulu

Yankho: Mwanawe, tinakuyankha pa foni tsiku lomwelo, koma tasindikiza yankholi chifukwa ambiri amakhala pakhomo pa zifukwa zomwezi.

Kalata ya polisi isakuimitseni. Wogwiriridwa ayenera kuthandizidwa kuchipatala kaye, za polisi zibwere pambuyo, chifukwa mankhwala a PEP, oteteza ku HIV, amayenera kuyambidwa maola 72 asanathe n'kumwedwa masiku 28, pamene mapiritsi apangozi oletsa kutenga pakati amathandiza mpaka masiku 5 okha. Amalume akamaitanitsa bwalo n'kumadikira kuti akuchimuna abwere ndi mbuzi yopepesera, maola amenewa amakhala akutha, ndipo ine sindinaonepo mbuzi imene inabweza kachilombo.

Kusamba n'zimene ambiri amachita, choncho musamudzudzule. N'zoona kuti madzi amachotsa umboni wina, koma dokotala angathe kuonabe mikwingwirima ndi mabala, n'kulemba lipoti limene khoti limadalira. Zovala zija musazichape. Zikulungeni m'pepala loyera kapena m'envelopu, osati m'jumbo, chifukwa chinyezi cha m'pulasitiki chimawononga umboni.

Za manyazi, dziwani kuti pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, monganso pa zipatala zina zazikulu, pali One Stop Centre, imene ambiri amaitcha Chikwanekwane, komwe achipatala, apolisi ndi alangizi amathandizira wogwiriridwa pamalo amodzi kuti asamangobwereza nkhani yake pakhomo lililonse. Ngati ndalama yoyendera yavuta, yambirani pa chipatala chimene muli nacho pafupi. Mng'ono wakoyo angathe kupempha kuti amuyeze munthu wamkazi ngati alipo, kapena kuti iwe ulowe naye, ndipo popeza thupi ndi lake, palibe womuyeza iye asanavomere. Akafuna kukadandaula, ku polisi mukafunse ofesi ya Victim Support Unit, yothandiza anthu ochitiridwa nkhanza.