Foni zosatsa malonda ndi zopempha thandizo: ufulu wanu uli pati?

Mayi, funso lanu ndalilandira, ndipo ndilibwereze mwachidule kuti ena omwe ali m'vuto lomweli atolepo kanthu. Mumakhala ku Chibavi kuno ku Mzuzu, munapuma ntchito ya uphunzitsi, ndipo chiyambireni kulandira penshoni foni yanu sikupuma. Kampani ina ya ngongole imaimba pafupifupi tsiku lililonse. Ina ikufuna mulowe inshuwalansi ya maliro. Ndiye pali mnyamata amene amati akuimira bungwe losamalira ana amasiye. Ameneyu munamuyankha tsiku lina kuti “ndidzaona mwezi ukatha”, ndipo tsopano akuimba ngati munamukongola, mpaka kukuuzani kuti dzina lanu analilemba kale m'buku la olonjeza. Mukufuna kudziwa ngati angakutengereni kukhoti, komanso ngati pali njira yoletsera mafoni onsewa.

Ndiyambe ndi mnyamatayo, poti ndi amene akukusowetsani tulo. Mulibe naye ngongole. Malamulo athu a mapangano, omwe tinatengera ku England, amati kuti lonjezo limange munthu pamaso pa khoti, mbali zonse ziwiri ziyenera kupatsana kanthu: wina ndalama, winayo katundu kapena ntchito. Lonjezo la mphatso lonenedwa pakamwa silifika pamenepo, pokhapokha litalembedwa mwa dongosolo lapadera n'kusainidwa pamaso pa mboni, zomwe inu simunachite. Ngakhale mukananena poyera kuti “pa 30 ndidzapereka K10,000”, palibe majisitireti angakukakamizeni kupereka. Bukulo ndi lake, alembemo zomwe akufuna.

Koma kwa makampani aja nkhani ndi ina, ndipo apa ndikupemphani mutchere khutu. Mukavomera inshuwalansi kapena ngongole pafoni, pamakhala kupatsana: iwo akulonjeza bokosi ndi galimoto tsiku la maliro, inu mukulonjeza ndalama mwezi ndi mwezi. Pangano lotere likhoza kukumangani ngakhale simunagwire cholembera, ndipo makampani ambiri amajambula mawu a zokambiranazo. Vuto lathu ife Amalawi ndi ulemu. Timachita manyazi kunena “ayi” kwa mwana wa eni amene watipatsa moni bwinobwino, ndiye timazungulira: “ndiganizepo kaye”, “ndifunse ana”, “mudzaimbenso”. Kwa inu amenewa ndi mawu okana mwaulemu. Kwa woimbayo, amene mwina amalipidwa malinga ndi anthu omwe wawakopa, ndi chizindikiro choti nsomba yayandikira mbedza, ndipo pa kompyuta yake amalemba kuti adzaimbenso Lachinayi. Muwayankhe motere: “Sindikufuna, ndipo musadzandiimbirenso.” Mukatero dulani foni. Simunachite mwano.

Tsopano za kuletsa. Gawo 21 la Malamulo oyendetsera dziko lino, a chaka cha 1994, limapereka kwa munthu aliyense ufulu wosunga chinsinsi chake, kuphatikizapo kusasokonezedwa pa makalata ndi mafoni ake. Kwa zaka zambiri ufuluwu unali wovuta kuugwiritsa ntchito pa nkhani zing'onozing'ono ngati yanuyi, chifukwa ndani angapite ku khoti lalikulu kaamba ka foni ya mphindi ziwiri? Zinthu zinasintha mu 2024 pamene lamulo loteteza mbiri za anthu, la Data Protection Act, linayamba kugwira ntchito. Dzina lanu, nambala yanu, ngakhale nkhani yoti mumalandira penshoni, zonsezi lamuloli limaziona ngati zanuzanu. Kampani yomwe ikuzisunga iyenera kukhala ndi chifukwa chovomerezeka. Muli ndi ufulu woifunsa zomwe ikusunga zokhudza inu, wokana kuti izigwiritsa ntchito nambala yanu pokutsatsani malonda, wobweza chilolezo chomwe munapereka kale, komanso wopempha kuti zifufutidwe. Bungwe la MACRA, lomwe limayang'anira za mafoni ndi mawayilesi, ndilo linapatsidwa udindo woonetsetsa kuti lamuloli likutsatidwa.

Mwati simukudziwa kumene anatenga nambala yanu. Nthawi zambiri timapereka tokha: pa kakuponi ka mpikisano m'sitolo, pa fomu ya ngongole yomwe tinayamba kulemba n'kuisiya, pa mndandanda wa omwe abwera ku msonkhano. Kunsi kwa fomu kumakhala timalembo tating'ono toti mwalola kuti azikudziwitsani za malonda awo. Ngakhale zitakhala choncho, chilolezocho mukhoza kuchibweza lero.

Chimene chimagwetsa madandaulo ambiri ofika pa desiki langa ndi kusowa kwa umboni. Munthu amabwera atapsa mtima, akuti “amandiimbira nthawi zonse”, koma ukamufunsa tsiku, nambala kapena dzina la woimbayo, palibe. Inu ndinu mphunzitsi, kaundula mumamudziwa. Tengani kope limodzi, mujambule mizere: tsiku, nthawi, nambala, dzina la woimba, kampani, zomwe wanena. Akaimba mumufunse dzina lake lonse, dzina la kampani ndi kumene kuli ofesi yawo. Wachilungamo amayankha mosavuta. Mameseji musafufute. Mdzukulu wanu akhoza kukutsekerani nambalazo pa foni, koma atero mutazilemba kale m'kope.

Kenako lembani kalata, makope awiri. Siyofunika Chingerezi cha maloya, mizere inayi yakwana: “Ine, mwini nambala yakutiyakuti, ndikukana kuti kampani yanu izindiimbira kapena kunditumizira uthenga wotsatsa malonda. Ngati ndinaperekapo chilolezo, ndachibweza kuyambira lero. Mundiuze kumene munatenga nambala yanga, ndipo muichotse pa mndandanda wanu. Mundiyankhe polemba pasanathe masiku 14.” Masiku 14 amenewa ndi muyeso wanga chabe, woti nkhani isagone. Ngati ali ndi ofesi m'tauni muno, pitani nayo nokha, ndipo kope lanu alidinde chidindo chosonyeza tsiku lomwe alandira. Akakana kudinda, lembani dzina la amene mwamupeza pa kauntala ndi nthawi yake. Kampani yolongosoka ikaona kalata yodindidwa kawirikawiri imasiya, chifukwa imadziwa kumene kalatayo ingakathere.

Akapitiriza, tengani kalata ija pamodzi ndi kaundula wanu mukadandaule ku MACRA. Pa makampani a ngongole ndi a inshuwalansi pali khomo linanso. Amenewa amayang'aniridwa ndi mkulu woyang'anira makampani a zachuma, Registrar of Financial Institutions, yemwe malinga ndi lamulo la Financial Services Act la 2010 ndi Gavanala wa Reserve Bank of Malawi, ndipo bankiyi ili ndi nthambi kuno ku Mzuzu. Kumeneko mungafunsenso ngati kampani ya ngongoleyo ili ndi chiphaso n'komwe, pakuti ena mwa oimbawa ndi akatapila ovala tayi. Ngati anakunamizani za chiwongoladzanja kapena za phindu la inshuwalansi pofuna kukukopani, imeneyo ndi nkhani ya bungwe loteteza ogula, la Competition and Fair Trading Commission.

Nanga apolisi? Gawo 87 la lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limati ndi mlandu kugwiritsa ntchito foni mwadala komanso mobwerezabwereza pofuna kusokoneza mtendere kapena chinsinsi cha munthu popanda cholinga chenicheni cholankhulirana. Ndinene mosabisa: gawoli n'lovuta kuligwiritsa ntchito pa kampani yotsatsa malonda, poti idzati inali ndi cholinga, kugulitsa. Koma mnyamata amene mwamukaniza momveka, n'kumaimbabe usiku kapena kukuopsezani, ameneyo walowa m'dera la apolisi.

Tibwerere kwa iye, chifukwa mtima wanu wofuna kuthandiza ana amasiye si wolakwika ndipo sindikufuna muutaye. Mabungwe omwe si a boma amayenera kulembetsa ku NGORA, bungwe lowayang'anira lomwe linalowa m'malo mwa NGO Board lamulo la mabungwewa litasinthidwa mu 2022. Mumufunse dzina lonse la bungwe lake, satifiketi yake, ndi malo omwe anawo akusungidwa. Zoona, timagulu tina ta kumpingo kapena ta m'mudzi tilibe mapepala a NGORA koma tikugwira ntchito yabwino. Oterowo sabisa malo. Akati ali ku Luwinga kapena ku Mchengautuwa, kwerani kabaza mukaone ndi maso anu, kapena mukafunse ku ofesi ya boma yoona za chisamaliro cha anthu ngati akuwadziwa. Amene akukana kuti mufike, koma akuumirira kuti mutumize lero lomwe pa Airtel Money kapena Mpamba, wakuuzani kale chomwe ali.

Ine ndemwe ndinatsala pang'ono kugwa m'mbuna yomweyi mu Marichi 2023, namondwe wa Freddy atangosakaza kumwera. Bambo wina anandiimbira ndili pa ofesi, mawu ake odekha ngati a mkulu wa mpingo, akuti akusonkhanitsa ndalama za mabulangete a anthu a ku Mulanje. Ndinalemba nambala, ndinalemba ndalama, chala chili pa batani. Dzina lomwe linatuluka linali la munthu wamba, la mayi, pamene wondiimbirayo anali bambo wotchula dzina la bungwe. Nditamufunsa anati ndi la msungichuma wawo. Nditapempha nambala ya akaunti ya bungwelo kubanki, foni inaduka, ndipo sinalirenso.

Kutenga ndalama za munthu pomunamiza ndi mlandu pansi pa gawo 319 la lamulo la milandu ndi zilango, la Penal Code. Kuyambira 2018 simukhadi iliyonse imayenera kulembetsedwa m'dzina la mwini wake, choncho nambala ikhoza kulondoledwa, ngakhale akathyali ena amalembetsa ndi zitupa za anthu ena. Ngati mwatumiza kale ndalama, liwiro ndilo lofunika: imbirani kampani yanu ya foni nthawi yomweyo, muwapatse nambala ya lisiti yomwe ili mu meseji yotsimikizira kutumizako, kenako mukalembetse ku polisi. Ndalama zikatapidwa kwa ejenti, kuzibweza kumavuta kwambiri. Ndipo PIN yanu musauze munthu aliyense, kaya akuti ndi wa kubanki, wa kampani ya foni kapena wa ku ofesi ya penshoni.

Za kukatenga chiletso ku khoti lalikulu la Mzuzu, njirayo ilipo, koma pa mafoni okha sindingakulangizeni. Ndalama za loya zidzaposa vutolo. Zimasintha ngati mwapeza kuti ayamba kale kukudulani ndalama za inshuwalansi yomwe simunavomere. Pamenepo pitani kubanki mukaimitse kudulako polemba kalata, muuze kampaniyo ikupatseni fomu yomwe munasaina kapena mawu omwe inajambula, ndipo ikalephera, muitanitse ndalama zanu zonse. Ikakana, khoti la majisitireti lingamve nkhaniyo, ndipo ngati thumba silikulola kulemba loya, a Legal Aid Bureau ali ndi ofesi mumzinda muno. Choncho sabata ino, musanachite china chilichonse, katengeni sitetimenti ya kubanki ya miyezi itatu yapitayi, muiwerenge mzere ndi mzere ngati mukuchonga mayeso, muone ngati pali ndalama yotuluka yomwe simukuidziwa.