Kuzungulira dziko lapansi pa sitima ya katundu: yankho kwa achimwene amene afunsa

Achimwene, mwafunsa ngati munthu angazungulire dziko lonse lapansi atakwera sitima yapamadzi yonyamula katundu, komanso ngati n'zoona kuti ukamawathandiza ntchito sulipira kanthu. Ndiyambe ndi chachiwiricho poti ndi chimene chimasocheretsa anthu ambiri. Zimenezo zinatha kalekale. Masiku ano aliyense wogwira ntchito m'sitima amafunika mapepala a maphunziro a zapanyanja, ndipo palibe kaputeni angakukwezeni chifukwa mwalonjeza kuti muzikolopa. Musayembekezerenso kuti n'zotchipa kuposa ndege. Mliri wa Covid-19 usanafike, mtengo unkakhala pakati pa mayuro 100 ndi 150 patsiku, kuphatikizapo chipinda ndi chakudya. Sitima za kampani ya Rickmers zinkanyamuka ku Hamburg, ku Germany, kulowera kum'mawa n'kudzatulukira komweko patatha pafupifupi miyezi inayi. Mukawerengetsa, ndalamayo ikupitirira mayuro 12,000.

Za kutheka kwake, zinthu zinasintha mu 2020. Makampani monga CMA CGM ndi Grimaldi ankatenga apaulendo, koma mliri utavuta makampani anatseka khomo ndipo ambiri sanatsegulenso. Choncho musanayambe kusunga ndalama, lemberani maejenti oona za maulendo a pa sitima za katundu, akuuzeni njira zimene zikulandira anthu panopa. Zambiri zimene mukuwerenga pa intaneti zinalembedwa mliri usanabwere.

Mukapeza malo, mudzakhala ochepa kwambiri. Malamulo a SOLAS, omwe ndi mgwirizano wa mayiko woteteza miyoyo ya anthu panyanja, amati sitima ikanyamula apaulendo oposa 12 ndiye kuti ndi sitima ya anthu, yomwe ili ndi malamulo ena okhwima, ndiye za katundu sizidutsa pa 12. Dokotala mulibemo. N'chifukwa chake amafuna kalata ya kuchipatala yosonyeza kuti muli bwino ndipo mutha kukwera masitepe, inshuwalansi yokwanira, ndipo nthawi zambiri salola amene adutsa zaka 75 kapena 80. Njira zina zimafuna katemera wa yellow fever. Ngati sitimayo ikaime ku United States, viza ndi yofunika ngakhale kwa anthu amene akakwera ndege saifuna.

Chimene ndikufuna muchimvetse bwino n'chakuti m'sitima imeneyi bwana ndi katundu. Tsiku lonyamuka limatha kusuntha kangapo, doko limene munalilakalaka amatha kulidumpha, ndipo palibe wopepesa. Kuyambira kumapeto kwa 2023, a Houthi, gulu lankhondo la ku Yemen, atayamba kuwombera sitima pa Red Sea, makampani ambiri anasiya ngalande ya Suez n'kumazungulira ku Cape of Good Hope, kum'mwera kwa Africa, zomwe zimawonjezera masiku pafupifupi 10. Padoko sitima ya makontena imaima maola ochepa, kawirikawiri osafika tsiku lathunthu, mwinanso usiku, ndipo madokowo amakhala kutali ndi tawuni. Ngati cholinga chanu ndi kuona mizinda, mudzakhumudwa.

Koma ngati mukufuna nyanja yeniyeniyo, ine sindikuonapo ulendo wina wofanana nawo. Mumadya tebulo limodzi ndi maofesala, nthawi yake yoikika. Makaputeni ambiri amalola wapaulendo kukwera kuchipinda chowongolera sitima, n'kumaona pa radar sitima zina zikubwera. Mukayenda mpaka kutsogolo kwenikweni, kudutsa mizere ya makontena, phokoso la injini limazimiririka, mumangomva madzi akung'ambika pansi panu, nthawi zina ma dolphin akuthamanga pambali. Pa ngalande ya Panama, yomwe inatsegulidwa mu 1914, zitseko zikuluzikulu zimatsekeka kumbuyo kwanu, madzi n'kuyamba kudzaza, chisitima chonsecho ndi katundu wake n'kumakwera pang'onopang'ono mpaka kufika pa nyanja ya Gatun, mamita 26 pamwamba pa nyanja yamchere. Mukamalowera kum'mawa amakankhira wotchi patsogolo ola limodzi usiku wina ndi wina, ndipo pakati pa Pacific mukadutsa mzere wosinthira tsiku, deti lomwelo mumalikhala kawiri.

Kusungulumwa kulipo ndithu, tisanamizane. Amalinyero ali pantchito, sangakhale nanu pansi tsiku lonse, intaneti ndi yoperewera, ndipo mafunde akakula mseru susankha munthu. Ndiye langizo langa ndi lakuti muyambe mwayesa chigawo chimodzi, monga kuwoloka Atlantic, komwe ndi sabata imodzi kapena ziwiri, muone ngati mtima wanu ukugwirizana nazo musanadzimangirire miyezi inayi. Tengani mabuku, mankhwala anu onse okwanira ulendo wonse ndi ena apadera, komanso ndalama zapamanja za madola kapena mayuro zogulira tinthu m'kasitolo ka m'sitima. Mukamatsika padoko, lembani nambala ya foni ya ejenti wa sitimayo ndipo muwerenge nthawi yobwerera imene amalemba pa bolodi pafupi ndi makwerero, chifukwa mukachedwa amakusiyani pomwepo ndipo tikiti yokapeza sitimayo padoko lotsatira mumagula nokha.