Foni ya chikole yabedwa, ndiye ngongole yathera pomwepo?

Achemwali ena anditumizira imelo. Akuti anakongoza mnzawo ndalama, mnzawoyo anasiya foni ngati chikole, akuba athyola nyumba foni yapita, pano mwini foni akuti ngongole yatha. Onse ndi Asilamu.

Achemwali, funso lanuli landikhudza kwambiri. Nthawi ya njala ya 2002 mayi anga anapinyolitsa mashini awo osokera, opalasa ndi mapazi aja, kwa bambo wina wagolosale, ndiye bamboyo m'malo mosunga anapatsa mlamu wake azisokera pakhonde, lamba mpaka kuduka, mvula kumawavumba, kenako tikumva "abedwa" koma ndalama zake ankazifunabe zonse! Mayi analipira misozi ili m'maso. Mpaka lero ndimati kumene kuja kunali kuba basi. Chikole si chako, ukayamba kuchigwiritsa ntchito mwini wake osavomera, mlandu wadzisenzetsa wekha.

Chikolecho nchololedwa, Qur'an 2:283 ikutchula, Mtumiki Muhammad (SAW) nayenso anasiya chovala chake chankhondo kwa Myuda ku Madina potenga chakudya pangongole. Koma chikasowa, apa ma ulama, akatswiri a malamulo a Chisilamu, anasiyana malinga ndi magulu awo. A Shafi'i, omwe ambiri kuno timatsatira, ndi a Hanbali amati chikolecho ndi amana, kutanthauza kuti wangosungitsidwa, ngati sunalekelere sulipira ndipo ngongole ilipobe. A Hanafi amati ayi, ngongole imafa molingana ndi mtengo wa chinthucho, foni ikakhala yotsika mtengo wokongola amangobweza chotsalacho. A Maliki ndi amene amandifika pamtima: zinthu zobisika mosavuta ngati ndolo ndi zovala wosunga alipire pokhapokha abweretse umboni, koma ng'ombe kapena munda ayi. Amenewa ankadziwa kuti mawu oti "zabedwa" savuta kunena. Malamulo a Egypt a 1948 nawonso amati wosunga chikole ndi amene asonyeze kuti vuto silinachokere kwa iye. Bambo wagolosale uja akanaima pati pamenepa?

Ndiye mutani?

Ngati munakhoma chitseko, foni munaisunga ngati yanu ndipo simunkaimbira, kwa a Shafi'i mnzanuyo abwezebe ndalama. Ngati munkaigwiritsa ntchito kapena munangoisiya pawindo, mtengo wake uchotsedwe pangongoleyo. Katengeni lipoti kupolisi, mupite nonse awiri kwa shehe wa pamzikiti panu ndi mboni zomwe zinaona chitseko chothyoledwacho.