Shawelo yamitundu iwiri ikukoka m'mphepete ndi kukhwinyata pakati

Mayi wina wanditumizira imelo yokhudza shawelo yaikulu yamakona atatu imene akuluka kuyambira pakhosi kutsikira m'munsi, ndi ulusi woyera ndi wobiriwira. Akusinthanitsa kalukidwe katatu: garter stitch (kuluka mizere yonse ndi sitichi ya knit, yooneka ngati V), seed stitch (kusinthanitsa knit ndi purl, sitichi ya kabampu) ndi gawo la slip stitch (kusamutsa masitichi ena osawaluka). Akuti mbali imodzi yafupika n'kupindika, gawo la slip stitch lakhwinyata, ndipo akuopa kuti ulusi uwathera panjira.

Mayi, musamasule kaye. Chimene chikuchitika n'chakuti kalukidwe kalikonse kamakoka ulusi mosiyana, ndiye mukaika atatu m'nsalu imodzi muyenera kuwathandiza kuti agwirizane.

Tiyambe ndi m'mphepete. Mukamasintha mtundu pakatha mizere iwiri iliyonse, ulusi wonse uwiri umadikirira mbali imodzi, ndipo umene simukuugwiritsa ntchito umakwera m'mphepetemo. Mukaukoka mwamphamvu poyamba mzere watsopano, mbali imeneyo imafupika pang'onopang'ono, ndipo pofika mizere 100 kusiyanako kumaonekera patali. Mukaluka sitichi yoyamba ya mtundu watsopano, tambasulani m'mphepetemo ndi zala musanapitirize. Nthawi zonse tengani ulusi watsopano mbali yofanana, kaya kutsogolo kapena kumbuyo kwa unzake, kuti m'mphepete muzioneka ngati chingwe chopotedwa bwino. Gawo la mtundu umodzi likapitirira mizere 8, ine ndimaona kuti ndi bwino kungodula ulusi winawo n'kusiya kamchira ka masentimita 15 kodzasokerera pamapeto.

Za slip stitch, vuto lake ndi lodziwika. Sitichi imene mwangoisamutsa osailuka imayenera kutalika mizere iwiri, choncho imakokera nsalu pamodzi, m'litali ndi m'lifupi momwe. Ngati shawelo yonse mukulukira singano ya mamilimita 4, pagawo limeneli tengani ya 4.5, mukalimaliza mubwerere ku yoyamba ija. Sitichi yosaluka ija muziisamutsa polowetsa singano monga mmene mumachitira poluka purl kuti isapotoke, ulusi uli kumbali yam'kati ya shawelo. Kaulusi kodutsa kumbuyoko kakhale komasuka, ndipo njira yake ndi kutalikitsa masitichi pasingano yakumanja musanaluke yotsatira. Ngati gawo limene mwaluka kale likutambasuka mukalikoka ndi manja, lisiyeni, lidzawongoka pochapa. Ngati lalimba ngati lamba, limenelo lokha ndiye mumasule.

Pa seed stitch pali msampha umene simunautchule koma mukumana nawo. Shawelo yotereyi imawonjezera masitichi 4 pamzere uliwonse wolukidwa kumbali yakunja ya shawelo, awiri m'mphepete ndi awiri pakati, motero kuwerenga kwa knit, purl, knit, purl kumasuntha. Musadalire kuwerenga, yang'anani sitichi ili pasingano. Yooneka ngati V ilukeni purl, yokhala ndi kabampu ilukeni knit. Mukasokoneza pamenepa mudzaona timizere toima ngati ta pamkono wa juzi. Komanso mzere woyamba wa mtundu watsopano muziuluka knit wonse kumbali yakunja, apo ayi timadontho ta mtundu wakale tidzatulukira pamalire.

Tsopano ulusi. Wopyapyala wotchedwa fingering nthawi zambiri umakhala pafupifupi mamita 400 pa magalamu 100, ndipo mipukutu iwiri, umodzi pamtundu uliwonse, imakwana shawelo yaikulu ndithu. Chimene chimanyenga anthu ndi kakulidwe ka makona atatu: mukafika theka la kutalika kwake mumakhala mwagwiritsa ntchito gawo limodzi lokha mwa magawo anayi a ulusi. Ngati munayamba ndi masitichi 9, pakatha mizere 100 yakunja mudzakhala ndi 409, ndiye mzere umodzi umadya ulusi wambiri zedi. Pafunikanso singano yozungulira ya chingwe cha masentimita 100 kuti onsewo akwane. Yezani mpukutu pasikelo yaing'ono, lukani mizere iwiri, yezaninso, ndipo mutha kuyerekeza kuti mwatsala ndi mizere ingati, pokumbukira kuti mizereyo ikunka italika. Sungani ulusi wokwanira mizere itatu wotsekera, ndipo tsekani momasuka kapena ndi singano yokulirapo, chifukwa m'munsi mukalimba shawelo sigwa bwino pamapewa.

Musanachape, viikani kachidutswa ka ulusi wobiriwirawo m'madzi ofunda pang'ono pamodzi ndi woyera. Ukachucha, chapani shawelo m'madzi ozizira mwachangu osaisiya itavikidwa. Ukapanda kuchucha, iviikeni mphindi 20, ikulungeni m'tawulo n'kuponda kuti madzi achoke, osaipota. Kenako iyaleni pansi, muyambe kukhoma mapini mbali yapakhosi mowongoka, mukukoka theka lake lofupika lija mpaka lifanane ndi linzake poyeza ndi tepi, ndiyeno mukhome nsonga yam'munsi. Izi zimagwira pa ulusi waubweya wa nkhosa. Wa akiriliki umafuna nthunzi ya ayironi yogwiridwa m'mwamba masentimita angapo, osakhudza nsalu, chifukwa ikakhudza ulusi umasungunuka ndipo timabampu ta seed stitch timaphwatalala osabwereranso.